Wamng'ono Ankasiyira Mkulu Wake Nzeru

Amene anayamba kundibweretsera nkhaniyi ndi mayi a khomo loyandikana ndi lathu, Msilamu wochokera ku Ntaja amene anakwatiwa kwathu kuno ku Utale. Chaka chimenecho anali m'gulu la amayi ophika phala kusukulu ya ana athu, ndiye chilichonse chochitika m'kalasi chinkawapeza iwo asanatsuke n'komwe ziwiya. Anandipeza pa mjigo nditasenza kale ndowa.

"Amake mapasa, tulani kaye ndowayo, mungathyoke khosi ndi zimene ndabwera nazozi."

"Kwagwanji, achemwali?"

"Wamng'ono wanu uja lero walemba dzina lokha pa pepala la masamu. Dzina basi! Kenako wapinda manja n'kugoneka mutu pa desiki ngati wabwera kudzamvera wailesi. Aphunzitsi atuluka nalo pepalalo kudzationetsa ife ophika, loyera mbee kuposa mpango wanga wa pa Idi."

"Mwina ndi malungo."

"Malungo ake ati? Phala wamwa n'kuwonjezera, wandithandizanso kusenza nkhuni."

Ndinaseka nawo chifukwa iwowo akamalankhula sungapirire, koma ndowa ija ndinafika nayo kunyumba madzi atatayikira m'njira.

Mulungu anatipatsa ana aakazi awiri tsiku limodzi. Amene anayamba kutuluka timamutcha wamkulu, winayo wamng'ono, ngakhale kuti kutalikirana kwawo sikunakwane nthawi yoti madzi awire. Kulera mapasa kuli ndi malamulo ake kuno. Ukagula diresi, ugule awiri ofanana. Ukagawa chinangwa, uyeze kaye ndi maso. Ukamukalipira wina, mnzakeyo umuponyereko kamawu ngakhale sanalakwe, kuopa kuti mtima wa winayo ungadwale. Zonsezi tinkatsata bwinobwino ine ndi bambo awo. Chimene sitinathe kugawa mofanana ndi za kusukulu. Kuyambira Sitandade 1, wamkulu ankakhala kutsogolo, dzina lake likuitanidwa koyambirira pa tsiku lotsekera. Wamng'ono ankakhoza inde, koma mokhoza mwake munali mwa munthu wolowa m'basi chitseko chikutsekedwa. Chaka chilichonse zinali choncho, mpaka anafika Sitandade 7 ali limodzi.

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 5. Ndimawerenga Baibulo ndi buku la nyimbo, ndimalembanso monga mukuoneramu, koma masamu a ana a masiku ano amandidutsa pamwamba. Ndiye ndinkangoti mwana aliyense ali ndi mphatso yake. Wamng'onoyo ndi wa manja abwino, mbuzi zimamumvera, akakazinga chimanga sichipserera. Ndinkathokoza Mulungu n'kusiya pomwepo. Koma pepala loyera linali nkhani ina. Mwana amene walemba dzina lokha ndiye kuti phazi lake limodzi latuluka kale pasukulu, ndipo kuno tawaona atsikana ambiri amene anayamba choncho n'kuthera pa banja la msanga.

Tsiku limenelo sindinamufunse. Ndinapemphera kolona yanga kuti pakamwa panga pazizire, ndipo m'mawa mwake, linali Loweruka, ndinamuitana kuti tikafutse masamba a khobwe kuseri kwa nyumba. Mwana ukafuna akuuze zoona, m'patse ntchito ya m'manja kuti asakuyang'ane m'maso.

"Mwanawe, ndamva kuti pepala la masamu labwerera kwa aphunzitsi lili ndi njala."

Anangotapa masamba ena n'kuwayala.

"Sunadziwe ngakhale samu imodzi?"

"Zina ndimazidziwa."

"Nanga cholembera chinathyoka?"

"Iyayi, amayi." Anapitiriza kuyala masamba pa mphasa, n'kunena mopanda mantha ngati akundiuza kuti mchere watha. "Ndimamusiyira mkulu wangayu. Aphunzitsi akuti chaka cha mawa malo a ku sekondale ndi ochepa. Ndiye ndati atenge zonse iyeyo, mmodzi apite."

"Atenge zonse ziti?"

"Nzeru. Paja zathu ndi za m'mbale imodzi."

Ndinakhala pansi. Mawu amenewo ndinkawadziwa. Mwini wake ndi mlamu wanga, mlongo wa bambo awo, amene anakwatiwa ku Ntaja ndipo amagulitsa mpunga pamsika. Munthu wabwino mtima, koma pakamwa pake sipapuma. Ana ali mu Sitandade 1 anabwera kudzacheza, n'kupeza tikuchokera kotsekera sukulu. Atamva zotsatira anawomba m'manja n'kuti, "Musadabwe, alamu. Nzeru za mapasa zimabwera m'mbale imodzi. Wamkuluyu anayamba kutapa, wamng'onoyu wangopeza zokanda." Tonse tinafa nacho chiseko. Mawuwo anakoma, anayenda mudzi wonse, mpaka kutchalitchi anthu ankatipatsa moni nawo. Akulu tinkacheza chabe. Koma kamwanako kanali kataima pamenepo kakudya bwemba, ndipo kanawatola mawuwo n'kuwasunga ngati lemba.

"Ndiye zaka zonsezi iwe umatani m'kalasimo?" ndinamufunsa.

"Ndimatapako zongokwanira kuti tisasiyane kalasi. Aphunzitsi akayamba zovuta ndimayang'ana mbuzi pawindo. Zikakakamira kulowa ndimaimba nyimbo ya Maria mumtima mpaka amalize."

Ndinafuna kulira, ndinafunanso kuseka. Mwana kumagwiritsa ntchito nyimbo ya Amayi Maria ngati chitseko! Ndisanapeze choyankha, wamkulu anatulukira kuseri kwa nkhokwe kumene ankamvetsera, mtsuko uli m'manja, maso ali psuu. Ine ndinkayesa akumbatira m'bale wake n'kulira naye. Ayi ndithu.

"Iwe! Ukuti chiyani? Ndiye kuti nambala yanga yonse ija ndi yopatsidwa ndi iwe?"

"Sindinatero."

"Watero! Ine kumadzuka kuwerenga, kumakwapulidwa m'manja chifukwa cha teburo ya masamu, iwe n'kumati ukundisiyira? Ndine wopemphetsa ine?"

"Ndimakuchitira chifundo, chitsiru iwe."

"Chifundo chakocho kachipatse mbuzi zakozo. Tapa! Tapa mmene ungathere, ubwere ndi chipande chachikulu, tione ngati ungandithe."

Bambo awo anali akukonza mpope wopopera thonje pakhonde. Anangoti, "Amake, asiyeni. Nkhondo iyi ndi yabwino, ilibe maliro."

Teremu yachitatu inali ya phokoso pakhomo pathu. Akaweruka, wamkulu ankamukokera mnzake pansi pa mtengo wa bwemba, n'kusalaza dothi ndi phazi kukhala bolodi. Anali mphunzitsi wankhanza, kamtengo kali m'manja.

"Fufuta, yambiranso."

"Ndakhoza apa!"

"Wakhoza kwanu. Kuno walakwa."

Musaganize kuti zinangotseguka ngati chozizwitsa. Mwana amene wakhala zaka akuyang'ana mbuzi amakhala ndi maenje ambiri m'mutu. Teburo ankaidziwa modumphadumpha. Chingerezi chokha chinkamuliza misozi yeniyeni. Koma ndinaona chinthu chimene ndinali ndisanachionepo: mwana wanga anayamba kufunsa. Ankafunsa bambo ake chifukwa chake mankhwala a thonje amawasungunula ndi madzi ochuluka chotere osati chakuti. Ankandifunsa ine chifukwa chake madzi a mumtsuko wadothi amazizira pamene a m'chigubu amatentha. Ine n'kuti, "Ndi mmene Mulungu anapangira." Iye n'kuti, "Inde, koma anapanga bwanji?" M'mawa mwake ankakafunsa kusukulu, madzulo n'kudzandiphunzitsa ine, ndowa ili pamutu.

Anzanga ophika phala aja ankandibweretsera malipoti pa mjigo. "Alhamdulillah, amake mapasa, wanu uja wasamuka kumbuyo. Lero wakweza mkono mpaka aphunzitsi anayang'ana kawiri, ankayesa akupempha zopita kuchimbudzi."

Tsiku lotsekera chaka tinakhala pabwalo la sukulu, makolo mbali ina, ana mbali ina, fumbi la mwezi wa Julaye likutiwaza. Atafika pa Sitandade 7 ndinatchera khutu kudikira dzina la wamkulu pa nambala 2, pamalo pake pa masiku onse. Anaitana mwana wina. Nambala 3, wina. Wamkulu anadzamveka pa nambala 6. Pasanapite nthawi, ndisanakonzeke n'komwe, ndinamva dzina la wamng'ono, amene kale tinkamudikira mpaka anthu atayamba kunyamuka. Ndinalulutira, chitenje chinatsala pang'ono kugwa. Ndiye mayi wina kumbuyo kwanga, wosafuna choipa chilichonse, anakuwa kuti, "Eee, wamng'ono wayamba kutapa! Wamkulu chenjera, mbale ikutha!" Bwalo lonse linaseka. Ndinayang'ana wamng'ono wanga akubwerera pamalo pake, ndipo nkhope yake inali ya munthu amene wagwidwa ndi nkhuku ya eni m'manja.

Holide yonse sanatchule za sukulu. Ankagwira ntchito, ankaseka, ine n'kumati zapita. Koma m'mawa wa tsiku lotsegulira Sitandade 8, wamkulu atavala kale, ndinapeza wamng'ono akumasula mbuzi ali ndi diresi la kumunda.

"Yunifolomu ili kuti?"

"Sindipita, amayi. Munaona nokha. Ine kukwera, iye kutsika. Chaka chino ndi cha mayeso enieni, sindimubera."

Ndinamukhazika pamwala wa pakhomo n'kumuuza chimene ndinali nacho. Ndinati, "Mutabadwa inu, amayi a m'mudzi muno ankandiuza kuti mkaka sukwanira awiri, mmodzi ndizimupatsa phala msanga. Ine ndinkaika wina uku, wina uku. Ukudziwa chinachitika? Mukamayamwa kwambiri, mkakanso umabwera wambiri. Bere ili silinaphwe chifukwa chakuti linzake layamwidwa. Mulungu amene anatumiza awiri sanatumize chakudya cha mmodzi."

Ndinkayesa ndalankhula za nzeru zedi, mwina zoti abambo mfumu angabwereke pa ulaliki. Mwanayo anandimvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, n'kuti, "Koma mkaka si nzeru, amayi." N'kunyamuka kutsata mbuzi zake.

Wamkulu anali ataima pakhomo, mabuku ali m'manja. Analowa m'nyumba, n'kutuluka atavula yunifolomu, naye wavala diresi la kumunda lofanana ndi la mnzake.

"Nanga iwenso?"

"Paja mumati mapasa zonse n'zofanana. Iye akakhala, inenso ndikhala."

Ndinathamangira kwa bambo awo, mtima uli m'mwamba. Dzulo ndinali ndi ana awiri a sukulu, lero ndilibe ngakhale mmodzi. Iwo anamva nkhani yonse akutafuna mbatata, kenako anapita kukatenga makasu awiri. "Zikomo kwambiri, ana anga, Mulungu wandiyankha. Ndimasowa aganyu. Mitengo ya thonje ija ikufunika kuzula ndi kutentha, tikatha pamenepo tisose munda wa kumtunda."

Ndinawakokera pambali. "Abambo, mukuwononga."

"Amake, dzuwa la ku Balaka ndi mphunzitsi wamkulu kuposa ahedi. Inu kapemphereni, ine ndiwalondera."

Amene mumakudziwa kuno mukudziwa mmene kumatenthera mvula isanagwe. Nthaka imawotcha ngakhale wavala patapata, milambe ili mbuu yopanda tsamba, mthunzi wake ngati wa mtengo wa magetsi. Ana a eni akudutsa m'njira ndi mayunifolomu, anga ali m'munda akulimbana ndi zitsa za thonje. Aphunzitsi awo anatuma uthenga kufunsa ngati kwagwa zovuta. Ine ndinapita kwa amayi anzanga a mu mphakati wathu wa kutchalitchi, tinagwada, tinapempha. Anzanga Achisilamu aja anati nawonso aikapo duwa yawo, pemphero la Chisilamu. "Tiwomba mbali zonse, achemwali, khomo lina litseguka basi."

Sabata isanathe, tsiku lina dzuwa lili paliwombo, ndinawatengera thobwa kumunda. Bambo awo anali atapita kukamwetsa mbuzi. Ndinawapeza ana atakhala pansi pa kamtengo kopanda mthunzi weniweni, akukangana, ndipo sanandione. Ndinaima kuseri kwa chulu.

Wamng'ono ankati, "Pita kusukulu iwe. Taona matuza m'manjamo. Akuphunzira zatsopano, utsalira."

"Ndikutsalira kumene. Ndipo wanditsaliritsa ndiwe."

"Ine ndakusiyira zonse!"

"Wandisiyira khasu. Tamvera kuno. Ukamawerenga, mwina umandibera, mwina sundibera, palibe anaonapo. Koma ukakhala pano ukundibera poyera, tsiku ndi tsiku, anthu akuona."

Wamng'ono anakanda dothi ndi kamtengo. Kenako anati, "Nanga unatsikiranji?"

Wamkulu anayang'ana kumbali. Mwana ameneyu kuvomera kulakwa kumamuwawa kuposa kuzula dzino. "Sindinawerenge."

"Bodza. Unkakhala nane pa bwemba."

"Ndinkakufunsa iwe zako za Sitandade 5 zija. Zanga sindinkatsegula. Ukapita kotunga madzi ine ndinkathawira ku mpira wamanja." Anapumira m'mwamba. "Nanenso ndinkawakhulupirira azakhali. Ndinkati ine ndinatapa kale zambiri, zili m'mutu, sizingachoke. Ndiye ndiwerengerenji? Pepala la sayansi litabwera ndinangoliyang'ana, ilonso n'kumandiyang'ana."

"Ndiye unkandinamiza kuti umadzuka kuwerenga?"

"Kale ndinkadzuka!"

"Waulesi iwe! Ine kupsa ndi dzuwa chifukwa cha mpira wako?"

Anamuponyera chibuma, winayo anabweza, kenako onse anagwa chagada ndi chiseko, miyendo ili m'mwamba. Ine kuseri kwa chulu misozi ili chuchuchu, thobwa likutayikira pa chitenje. Mawu amodzi omwewo a mlamu wanga anali atamanga ana anga onse awiri, wina kumuuza kuti usatape, wina kumuuza kuti wakhuta kale.

M'mawa mwake sindinadzutse munthu. Ndinangomva akulimbirana sopo kubafa. Bambo awo anaima pakhomo ndi makasu aja, nkhope ili yachisoni chonamizira. "Aganyu anga mukupita kuti? Munda wa kumtunda sunathe." Anangowadutsa akuthamanga, wamng'ono akumanga lamba wa yunifolomu m'njira.

Chaka cha Sitandade 8 chinali chautali. Mvula inavuta, bambo awo anadwala msana, ndipo masiku ena ana ankapita kusukulu akudalira phala lokha. Mantha a wamng'ono sanathe tsiku limodzi. Akakhoza bwino mayeso a pa sabata, ankayamba wathamangira kukaona pepala la mkulu wake asanasangalale ndi lake. Wamkulu ankalibisa kumbuyo n'kuti, "Zako zikukwane." Pena ankatsogola uyu, pena uyo. Tsiku lina onse awiri analakwa mayeso a Chingerezi mochititsa manyazi, ndipo anabwera akuseka njira yonse. Wamng'ono anati, "Amayi, lero mbale inagwa pansi, palibe watapa." Nditamva akuchita nthabwala ndi chinthu chimene kale chinkamumanga, ndinadziwa kuti chingwe chayamba kumasuka.

Mlamu wanga anabwera kuchokera ku Ntaja mayeso atayandikira, atanyamula mpunga ndi zolembera ziwiri zofanana. Mlongo wawo, bambo a anawa, atawafotokozera zonse, anagwira pakamwa. "Ine? Ine ndinanena zimenezo? Koma pakamwa panga pano padzandipha! Bwerani kuno ana inu. Azakhali anu sukulu anaionera pawindo, za nzeru angazidziwire kuti? Mukafuna za mpunga ndifunseni." Anawakumbatira mpaka ana anapempha mpweya.

Pa masiku a mayeso ndinkawaperekeza mpaka panjanji, n'kuwalemba mtanda pamphumi, wina ndi dzanja lomwelo, winanso ndi dzanja lomwelo. Tsiku la masamu wamng'ono anabwera chala chili ndi chizindikiro cha cholembera. Anati nthawi inamuthera akulembabe, aphunzitsi oyang'anira anachita kulanda pepala. Ndinavina pakhomo ngati zotsatira zatuluka kale.

Zitatuluka, onse awiri anali atakhoza. Wamkulu anasankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko, wamng'ono ku yoyendera ya m'dera lathu lino. Kanali koyamba kusiyana chibadwire, ndipo tsiku lonyamuka wamkulu analira ndi amene ankadzitcha wolimba mtima uja. Wamng'ono ndiye ankamutonthoza, akumumangira chikwama pa njinga ya kabaza. Panopa ali Fomu 2. Wamng'ono amapalasa njinga ya bambo ake m'mawa uliwonse, ndipo akuti akufuna kudzaphunzira za matenda a ziweto, chifukwa mbuzi zake zinafapo chaka china iye akungoziyang'ana. Pa holide akakumana amafananitsa makope awo pansi pa bwemba, kukangana kuli pomwepo, ine n'kumangomvera ndikupeta.

Ulendo ukadali wautali, ndipo ife ndife anthu odalira mvula. Inu amene mwawerenga izi, Akhristu ndi Asilamu omwe, mukamagwada mutikumbukireko ife a ku Utale: bambo awo ndi msana wawo, mwana amene ali kutali ndi maso anga, ndi uyu wa panjinga amene amadutsa mumsewu wa fumbi yekha. Muwapemphere kuti afike kumene akupita onse awiri.